Galu akudya koma sakunenepa: nkhani ya nsima, njoka za m'mimba ndi nkhupakupa

Chaka chatha mu Okutobala, dzuwa la kuno ku Mangochi lija lili ng'aa, msuweni wanga wa ku Mpondasi anandiimbira foni kuti achimwene tabwerani mudzandionereko kagalu kanga, kakudya bwinobwino koma sikakukula. Nditafika ndinakapeza kali chigonere pansi pa mtengo wa mango, ka miyezi itatu basi, mimba ili tuu ngati kameza mpira koma nthiti zonse kuchita kuwerengeka, ubweya uli nyankhalala, ndiye nditakatukula mlomo kuti ndione nkhama ndinapeza zili mbuu ngati pepala pomwe zimayenera kukhala zofiirira. Mwini wake nkumati "komatu kamadya achimwene, taonani mimbayo." Mimbayo ndi imene inamupusitsa. Munali njoka, ndipo nsima yonse imene ankakapatsa m'mawa ndi madzulo inkangodutsa, kochepa kabwino kamene kanali momwemo njokazo nkumalanda, nthata ndi nkhupakupa nazo zikuyamwa magazi kunja kuno.

Nchifukwa chake ine nkhani ya chakudya ndi nkhani ya tizilombo sindiyigawa pawiri. Mbale ndi imodzi koma odya ndi ambiri, ndiye olo mutagula chakudya cha m'matumba chodula chija cha ku Blantyre, ngati simunachotse odya anzakewo mukungonenepetsa njoka. Komanso mukamwetsa mankhwala koma galuyo nkumangodya nkhoko ndi mkute, thupi lake silikhala ndi mphamvu zobwezeretsa magazi amene anatayika.

Tiyambe ndi nsima poti ndi imene agalu athu ambiri amadalira. Nsima payokha si poizoni ayi, galu amatha kugaya chakudya cha ufa bwinobwino ngati chaphikidwa, moti akatswiri a ku Sweden anapeza mu 2013 kuti apa ndi pamodzi pamene galu anasiyana ndi kholo lake la kutchire, thupi lake linazolowera zotsala za anthu olima. Vuto ndi loti nsima imangodzaza mimba nkupereka mphamvu, koma zomangira thupi zilimo zochepa. Chimanga chili ndi mapuloteni pafupifupi 9 pa 100 iliyonse, pomwe muyezo umene opanga zakudya za ziweto ku America amatsata umati galu wamkulu asachepere 18 pa 100, kagalu kakang'ono 22.5, mphaka wamkulu 26, kamphaka 30, kuwerengera chakudya chouma chopanda madzi. Ndiye mukuona kuti nsima ikufika theka chabe la zimene galu wamkulu akufuna, ndipo mapuloteni ochepa omwewo ndi operewera zina zofunika, makamaka lysine ndi tryptophan.

Pali kankhani kena kamene ine kamandisangalatsa. Kale ku America anthu osauka odalira chimanga ankadwala kwambiri pellagra, matenda aja khungu limada nkumasupuka pamene pamawomba dzuwa, munthu nkumatsegula m'mimba mpaka mutu kusokonezeka. Madokotala anaona kuti agalu odyetsedwa chakudya chomwecho nawo amadwala, mkamwa zilonda, dovu lonunkha, lilime nkuda, ndipo anawatcha matendawo black tongue. Mu 1937 Conrad Elvehjem wa ku yunivesite ya Wisconsin anachiritsa agalu otere ndi chinthu chimene anachipeza m'chiwindi, chija lero timati niacin kapena vitamini B3, ndipo mpamene anthu nawo anapezera mankhwala. Ndiye tikamati galu sangakhalire nsima ndi madeya zokha sizongoyankhula za pa tauni ayi, zinayesedwa pa agalu enieni ndipo ankadwala mpaka kufa.

Mwayi wathu kuno ndi woti yankho lili pafupi komanso ndi lotchipa kusiyana ndi anzathu a kumtunda. Pitani pa doko lililonse, kaya ku Makawa kaya ku Malindi kaya mbali ya ku Malombe, pansi pa thandala ndi pansi pa matumba a ogulitsa pamatsala zinyenyeswa za usipa ndi bonya, timitu ndi fumbi lija anthu sakonda kugula kuti adyere nsima. Nsomba zing'onozing'ono zouma kupitirira theka la kulemera kwake ndi mapuloteni, ndipo poti zimadyedwa ndi minga yomwe zimapereka kashiamu womangira mafupa, chinthu chimene nyama ya mnofu yokha ilibe. Apa ambiri sadziwa, kagalu kapena kamphaka kongodyetsedwa nyama yokhayokha yopanda fupa kamatha kupindika miyendo nkumathyoka mafupa chisawawa chifukwa thupi limayamba kutapa kashiamu m'mafupa mwake momwe. Ndiye bwana amene akupatsa kagalu kake steki tsiku ndi tsiku naye akulakwitsa ngati uja wa nsima yokha, kungoti iye akulakwitsa modula.

Koma nsombazo muziphika. Sefani mchenga, wiritsani mphindi zingapo, kenako nkusakaniza ndi nsima kapena phala la mgaiwa. Nsomba zina zikakhala zaziwisi zimakhala ndi chinthu chotchedwa thiaminase chimene chimaphwanya vitamini B1, ndipo mphaka amene moyo wake wonse ndi nsomba zaziwisi za pa gombe amatha kuyamba kudzandira, khosi kupindikira pansi, mwina kukomoka kumene, anthu nkumati wamulodza. Moto umapha chinthucho. Zothira mchere wambiri zija muziyamba mwaviika nkutaya madzi. Minga ya chambo, ya kampango ndi ya mlamba ndi nkhani ina, imeneyo ndi yolimba komanso yosongoka, imabaya pakhosi ndi m'matumbo, chimodzimodzi mafupa ophika a nkhuku amene amasweka ngati timisomali. Chitsononkho nacho nthawi ya mondokwa, galu amameza chidutswa chikakatsekera m'matumbo basi popanda opaleshoni palibe chake.

Ine kwanga ndimapanga chonchi, sikuti ndi lamulo koma zikundiyendera: mphika wa phala lolimba la mgaiwa, nsomba zowiritsa kapena zam'kati za mbuzi zophika kufika ngati gawo limodzi mwa magawo atatu a mbaleyo, kadzanja ka nkhwani kapena dzungu lophika, supuni ya mafuta ophikira, ndipo kawiri katatu pa sabata dzira lowiritsa. Chiwindi ndi chabwino kwambiri koma pang'onopang'ono, osati daily, chikachuluka vitamini A amapitirira muyezo makamaka kwa mphaka. Soya ngati mulinaye akazingidwe kaye kapena aphikidwe mpaka apse, wosaphika amatsekereza thupi kugaya mapuloteni omwewo mukufunawo.

Chinthu china chimene chimapha agalu mwakachetechete ndi chuku. Timakonda kunena kuti chimanga ichi chawola, mtedza uwu waipa, tipatse agalu ndi nkhuku. Chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi, kuphika sikumuchotsa, ndipo galu ndi mmodzi mwa nyama zosachedwa kugwa naye. Mu 2011 ku Gauteng, South Africa, agalu oposa 200 anafa ndi chakudya cha m'matumba chimene chinali ndi poizoni ameneyu, ndiye olo cha m'shopu chikanyowa kapena chikayamba kafungo kachilendo tayani. Madeya ogula ku chigayo nthawi ya dzinja muziyamba mwawanunkhiza.

Zotsala za pa tebulo vuto lake ndi anyezi ndi adyo. Zimenezi zimaphwanya maselo ofiira a magazi a galu ndi mphaka, zaziwisi kaya zokazinga chimodzimodzi, ndipo msuzi wathu wa tsiku ndi tsiku uja anyezi sasowamo, ndiye kagalu kamene kale magazi ndi ochepa chifukwa cha njoka mukungokawonjezera. Chokoleti, mphesa ndi zoumitsa zake zija za m'makeke, mowa, khofi, zonsezi ayi. Mkaka wa ng'ombe nawo anthu amaona ngati ndiye chakudya cha pusi koma amphaka ambiri akakula sautha, amangotsegula m'mimba.

Kadyetsedwe kake, kagalu kosakwana miyezi itatu kazidya kanayi pa tsiku, kufika miyezi 6 katatu, akakula kawiri basi, m'mawa kusanatenthe ndi madzulo. Ndi kutentha kwa kunoku chakudya chikakhala m'mbale maola angapo chasasa kale ndipo ntchentche zaterapo, ndiye chimene wasiya chotsani. Muyezo wabwino ndi dzanja lanu, mukasisita m'mbali nthiti zizimveka mosavuta koma zisamaoneke muli chapatali. Galu woyamwitsa amafuna chakudya kawiri mwina katatu kuposa masiku onse, ndi uja timamuona akuyendayenda pa msika mabere ali lende, mafupa okhaokha, akusakasaka m'dzala. Ndipo zija amati galu ukamukhutitsa salusa, kapena kumuthirira tsabola ndi chamba kuti akhale wolusa, ine ndimakana. Galu wa njala usiku sakhala pakhomo, amapita kukasaka, ndipo wakuba akamuponyera kanyama ka tameki amalandira ndi manja awiri.

Mphaka ndiye osamuyesa kagalu kakang'ono. Kuno amphaka ndi ambiri, m'makomo ambiri momwe galu saloledwa kuyandikira khonde mphaka amalowa mpaka kuchipinda, komabe kadyetsedwe kake ndi kongoti adzigwirira yekha makoswe. Mphaka thupi lake linapangidwira nyama basi. Pali chinthu chotchedwa taurine chimene chimapezeka m'nyama ndi nsomba, galu amatha kudzipangira koma mphaka sangapange chokwanira, chikasowa maso amachita khungu pang'onopang'ono ndipo mtima umafooka, zimene akatswiri a ku California anatsimikiza mu 1987 mpaka makampani anasintha kapangidwe ka chakudya cha amphaka. Vitamini A naye sangamutenge ku masamba ngati ife. Ndiye mbale ya mphaka ikhale nsomba yophika, nyama, mitima ndi nthutumba za nkhuku, dzira, nsima ingokhala yongokhudzitsa, ndipo muzisinthasintha chifukwa nsomba zamafuta zokhazokha miyezi ndi miyezi nazo zimabweretsa matenda ena otupitsa mafuta a m'thupi. Kumudyetsa sikumuletsa kugwira makoswe, kusaka ndi chibadwa chake, wokhuta amagwirabe mwina kuposa wofooka ndi njala. Ndipo mphaka akangosiya kudya masiku awiri atatu musadikire, chiwindi chake sichichedwa kuwonongeka.

Madzi sindinenapo zambiri. Galu wa makilo 15 amafuna pafupifupi lita imodzi pa tsiku, mu Okutobala ndi Novembala kuposa pamenepo poti iye satuluka thukuta ngati ife, amadziziziritsa ndi wefuwefu uja. Beseni likhale pamthunzi ndipo lizitsukidwa, makamaka kwa galu amene mumamumangirira masana.

Tsopano njoka. Chimene chimadabwitsa anthu ndi choti tiagalu tambiri timabadwa nazo kale. Njoka zazitali zoyera zija zooneka ngati supageti, dzina lake Toxocara canis, ana ake amabisala m'minofu ya galu wamkazi, ndiye akatenga bere amadzuka nkudutsa m'chiberekero kukalowa mwa tiana tisanabadwe, ena amadzera mu mkaka. Njoka imodzi yaikazi imatha kuikira mazira mpaka 200,000 pa tsiku, amatuluka ndi chimbudzi, pakatha masabata awiri kapena anayi ali m'dothi amakhala okonzeka kulowa mwa wina, ndipo amatha kukhala m'dothimo zaka osafa. Mwana wanu wokwawa uja akadya dothi limenelo tiana ta njokazi timayendayenda m'thupi mwake, pena mpaka kukafika m'diso.

Zachiwiri ndi zing'onozing'ono, hookworm, simungazione ndi maso m'chimbudzi koma ndi zimene zinayeretsa nkhama za kagalu ka ku Mpondasi kaja. Zimaluma khoma la matumbo nkumayamwa magazi, chimbudzi chimakhala chakuda ngati phula, ndipo kagalu ka masabata atatu katha kufa magazi atangotha. Zimakonda mchenga wofunda wachinyezi, ndiye tangoganizani magombe athu ndi mabwalo athu amchengawa. Tiana take timaboola khungu, kwa munthu timapanga kamzere kofiira kokhotakhota koyabwa koopsa kuphazi kapena kumatako kwa mwana amene amakhala pansi, kamzereko nkumasuntha tsiku ndi tsiku.

Zachitatu ndi zaphanthiphanthi zija mumaona tizidutswa take ngati mpunga tikuyenda pansi pa mchira kapena pamene galu wagona. Mtundu wofala kwambiri umadzera mu nthata, galu akamadziluma nkumeza nthata wameza njoka, ndiye mukamwetsa mankhwala osapha nthata pakangotha masabata atatu mpunga uja wabwereranso, inu nkumati mankhwala anali feki. Mphaka amatenganso mtundu wake kwa makoswe. Koma mtundu umene ndimafuna anthu opha mbuzi aumvetse ndi uwu: mukamasenda mbuzi kapena nkhosa, kaya pa Idi kaya pa chiwaya, nkupeza chiwindi kapena mapapo ali ndi timatumba ta madzi, chizolowezi ndi kudula pamenepo nkuponyera galu amene wakhala pambali akudikira. Timatumbato ndi ana a njoka, mwa galu amakula nkuyamba kuikira mazira, mazirawo amapita pa udzu mbuzi zina nkudya, ndipo mtundu wina wotchedwa Echinococcus ukalowa mwa munthu umamera chotupa cha madzi m'chiwindi chofuna opaleshoni. Mutu wa mbuzi yozungulira mutu ija nawonso chimodzimodzi. Zoterezi kwirirani mozama kapena tenthani, ndipo zam'kati zilizonse galu azidya zophika.

Ndiye ndondomeko yake ndi iyi, ndipo chinsinsi ndi kutsata kalendala osati kudikira kuti galu aoneke wodwala. Tiagalu timayamba kumwa mankhwala tili ndi masabata awiri, kenako pakatha masabata awiri aliwonse mpaka titakwana masabata 8, amake nawo azimwa nthawi yomweyo. Timphaka timayamba pa masabata atatu poti ito sitibadwa nazo, timayamba kuzitengera mu mkaka. Kuchoka apo kamodzi pa mwezi mpaka miyezi 6, akakula miyezi itatu iliyonse, ine ndinasankha Januwale, Epulo, Julaye ndi Okutobala kuti ndisamaiwale. Kubwerezabwereza kwa tianaku nchifukwa choti mankhwala ambiri amapha njoka zimene zafika kale m'matumbo, zimene zikadali pa ulendo m'chiwindi ndi m'mapapo zimatsala nkudzafika mawa lake. Galu woyendayenda m'mudzi ndi mphaka wodya makoswe, makamaka pakhomo pamene pali ana ang'ono, olo pafupipafupi kuposa apo palibe cholakwika.

Pogula muziwerenga kapena kufunsa zimene zili m'kati. Piperazine wotchipa uja amangogwira njoka zazitali zokha. Pyrantel ndi fenbendazole amagwira zazitali ndi hookworm. Zaphanthiphanthi zimafuna praziquantel, eya yemwe uja ana athu amalandira ku sukulu wa likodzo, ndiye mapiritsi abwino ndi ophatikiza ngati Drontal kapena Milbemax, ndipo pali a agalu ndi a amphaka padera. Koma poti dzina ndi lomwelo musatenge mapiritsi a ana a ku sukulu nkumagawira galu mongoganizira, makamaka albendazole, wa njoka za m'mimba uja, amatha kuwononga mafuta a m'mafupa opanga magazi mwa agalu ndi amphaka. Mlingo umayendera kulemera, ndipo kuyeza nkosavuta, kagalu kaikeni m'kathumba nkukoleka pa sikelo ya ogula chimanga ija, wamkulu munyamuleni mukwere naye pa sikelo kenako muchotsere kulemera kwanu. Alangizi a ziweto a boma, a vetenale amene ali m'madera mwathumu, ndi amene angakuuzeni mlingo komanso kubaya jakisoni pamene pakufunika.

Nthata nazo anthu timalimbana ndi zimene tikuziona pa galu pomwe zimenezo ndi kagawo kochepa zedi, pafupifupi 95 pa 100 zili pansi ngati mazira ndi timphutsi, m'chiguduli chimene amagonera, m'ming'alu ya simenti, mu mchenga wa pansi pa khonde. Yaikazi imodzi imaikira mazira mpaka 50 pa tsiku ndipo ndi kutentha kwathuku pakatha masabata awiri atatu mazirawo ndi nthata zoluma kale. Mukafuna kudziwa ngati zilipo pesani ubweya pa nsalu yoyera yonyowa, tinthu takuda tikagwa nkusungunuka mofiira amenewo ndi magazi a galu wanu. Ndiye kusambitsa kokha sikuthetsa, chapani zogonera sabata iliyonse nkuyanika pa dzuwa, sesani nkutentha zinyalalazo, ndipo ziweto zonse za pakhomo zilandire mankhwala tsiku limodzi. Tija timamatirira m'mphepete mwa makutu mulu osasuntha nthawi zambiri timachokera ku nkhuku, ndiye khola la nkhuku nalo liyang'anidwe.

Nkhupakupa ndi zimene zimapha agalu akuluakulu ooneka athanzi. Kuyamwa magazi ndi nkhani yaing'ono, choopsa ndi tizilombo timene zimalavulira m'magazimo. Babesia amalowa m'maselo ofiira nkumawaphulitsa, galu amene dzulo amathamanga lero wangogona, sakudya, thupi latentha, nkhama zayera kapena zachita chikasu, mkodzo wafiira ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo mtundu wa kum'mwera kwa Africa kuno, Babesia rossi, umatha kupha m'masiku ochepa. Apa palibe za pakhomo, ndi jakisoni wa a vetenale tsiku lomwelo. Ehrlichia amabwera ndi nkhupakupa zofiirira zija ndipo amadya pang'onopang'ono, galu kumangoonda, pena kutuluka kamfuno. Zofiirirazi zimakhala m'nyumba ndi m'khola momwe, yaikazi ikakhuta imagwa nkukwera khoma kukaikira mazira masauzande mu mng'alu, nchifukwa chake khola la galu la njerwa zosapaka pulasitala limasanduka fakitale. Mvula ikayamba udzu nkukula zimachuluka, ndiye madzulo aliwonse mpapaseni m'makutu, m'khosi, m'khwapa ndi pakati pa zala. Mukaipeza igwireni pafupi ndi khungu penipeni nkukoka pang'onopang'ono osapotokola, muiponye mu parafini kapena pamoto, osaiphwanya ndi zikhadabo.

Mankhwala alipo a matumba osiyanasiyana. Odontheza pakhosi okhala ndi fipronil ngati Frontline amagwira pafupifupi mwezi, mapiritsi otafuna a NexGard mwezi umodzi, Bravecto masabata 12 koma mtengo wake ndiye umawawa ndipo kawirikawiri mpaka muitanitse ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Ambiri timadalira dibi wosungunula m'madzi, amene amagwira ndithu ngati ndi wolembedwa kuti ndi wa agalu ndipo mwatsata muyezo, osati zija zoti ndithire kambiri kuti zife msanga. Mayi ena oyandikana nafe anasambitsa galu ndi dibi, madzi otsala nkuviikamo mphaka kuti asawonongeke, pofika madzulo mphaka akunjenjemera thupi lonse dovu lili chuu. Anabwera akuthamanga kuti "bambo a kwathu, pusi uja wadya chani kodi?" koma sanadye kanthu, ndipo sanafike m'mawa. Chiwindi cha mphaka sichitha kuchotsa mankhwala ambiri amene galu amapirira, permethrin amapha mphaka, amitraz wa mu dibi wa ng'ombe naye ndi woopsa kwa iye, ndipo panado amene timathamangira chiweto chikatentha thupi, m'bulu umodzi wokha ndi wokwana kupha mphaka. Oyilo wakuda wa galimoto, Actellic wa chimanga ndi mankhwala a thonje, zonsezi anthu amapaka agalu, nkhupakupa zimafadi koma galu amanyambita komanso zimalowa pakhungu.

Nthawi ya mvula kumabweranso mphutsi. Ntchentche yake imaikira mazira pa mchenga wa pamthunzi pamene pali fungo la mkodzo, ndi yomwe ija imaikira pa zovala zoyanika nchifukwa chake timasita matewera, ndiye kagalu kakagona pamenepo timphutsi timaboola khungu, pakatha sabata thupi lonse zotupa zokhala ndi kabowo pakati. Matani Vaseline pa kabowoko kuti isowe mpweya, ikasuzumira finyani mofatsa ituluke yathunthu, tsukani ndi madzi a mchere, kenako sinthani pogona pakhale pouma pokwera. Mphere ndi ina, galu kukanda mpaka ubweya kutha m'makutu ndi m'zigongono, imeneyo imachizika bwinobwino ndi mankhwala a vetenale, koma ivermectin wa ng'ombe osangobaya mwachisawawa poti agalu ena a mtundu wa collie ndi tiana tating'ono amafa naye. Matekenya nawo amalowa ku mapazi a agalu ngati mmene amachitira ndi ife.

Ntchito yotchipa kuposa zonse ndi fosholo. Chimbudzi cha galu chikachotsedwa tsiku lomwelo nkuponyedwa m'chimbudzi chokumba kapena kukwiriridwa mozama, mazira aja sapeza nthawi yokhwima, ndipo tizikumbu togubuduza ndowe sitifikapo, timene galu akatidya kapena akadya buluzi amene watidya amatenga njoka ina yotchedwa Spirocerca imene imamera chotupa pa kholingo la chakudya, galu nkumangobweza akadya. Za mphaka nazo zichotsedwe daily, koma mayi woyembekezera ntchito imeneyi aisiyire ena chifukwa cha kachilombo kotchedwa toxoplasma kamene kamatha kuvulaza mwana m'mimba. Ana asambe m'manja ndi sopo akatha kusewera ndi ziweto.

Chiwewe si njoka kapena nthata koma poti mwapita kale kwa a vetenale musabwereko opanda katemera, wa mphaka yemwe. A bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO amati chimapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka pa dziko lonse, pafupifupi onse atalumidwa ndi galu, ndipo kuti chithe m'dera pamafunika agalu 70 pa 100 aliwonse abayidwe, zimene a bungwe la Mission Rabies akhala akuchita ku Blantyre kuyambira 2015. Munthu akalumidwa kapena kukalidwa atsuke bala ndi sopo pa madzi oyenda mphindi 15 nkupita kuchipatala tsiku lomwelo osadikira kuona ngati galuyo apenge.

Kagalu ka ku Mpondasi kaja tinakakoleka pa sikelo kanali makilo atatu okha. Alangizi anakapatsa mankhwala, m'mawa mwake msuweni wanga ananditumizira chithunzi pa WhatsApp cha zimene zinatuluka, mulu wa njoka zoyera zokulungana, ine ndili pakati pa kudya. Tinabwereza patatha masabata awiri, anayamba kukaphikira phala la mgaiwa ndi fumbi la usipa, chiguduli chakale chija tinatentha, ndipo nkhama zinatenga pafupifupi mwezi kuti zifiirenso. Pano ndi chigalu cha makilo 17, dzina lake Taiga, chimathamangitsa njinga za kabaza mpaka anthu ayamba kudandaula, ndipo pa khoma la kukhitchini msuweni wanga analemba ndi khala kuti Januwale, Epulo, Julaye, Okutobala, ngakhale wa Julaye ndinachita kumukumbutsa ndine.